Oma Sientje, Amene Ankatiyendetsa Tisanadye

Malemu amene tawazungulira panowa, agogo a tonsefe, Oma Sientje Adelina Pangkey, anabadwa pa 9 Okutobala 1943 m'mudzi wathu uno wa Kakaskasen, kuno ku Tomohon. Anali oyamba kubadwa mwa ana asanu a malemu bambo Yunus Pangkey ndi malemu mayi Katrin Wenas, alimi a ndiwo zamasamba. Abusa, akulu a mpingo, anzathu a mumlaga, abale ochokera ku Manado ndi ku Bitung, ndi nonse amene mwabwera kudzakhuza malirowa, ine ndine Recky Wowor, mwana wa malemu mayi Femmy, mng'ono wawo wotsiriza. Kwa ine malemuwa anali amayi aakulu, ndipo ndinkawaitana kuti Tante. Ana awo obereka alipo, akhala apawa, ndipo pa kuwerenga amandiposa. Koma Tante anachita kutchula dzina langa kuti mbiriyi ndiwerenge ineyo. Chifukwa chake muchimva kutsogoloku.

Malemu anayamba sukulu mu 1950 pa sukulu ya mpingo ya m'mudzi muno. Atamaliza pulaimale mu 1956 analowa sukulu ya uphunzitsi, ndipo ankakhoza bwino masamu ndi nyimbo. Koma mu 1958 nkhondo inafika kuno, ndipo banja lonse linathawira ku minda ya kumtunda. Tante anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Agogo anga aakazi, mayi Katrin, anali ndi khanda m'manja limene silinakhalitse, choncho mayi anga, amene anali ndi zaka zitatu, anagwera pamsana pa Tante. Anawabereka kuchokera msasa wina kupita msasa wina, akudya chinangwa chowotcha tsiku limene chapezeka. Pamene ankabwerera mu 1961, nyumba inali itapsa ndipo agogo aamuna anali akudwala chifuwa. Tante sanabwererenso kusukulu. Anayamba kugulitsa ndiwo zamasamba kumsika kuti azing'ono awo aphunzire.

Pa 17 Julayi 1965 anamanga ukwati woyera ndi malemu Albert Lumowa, amene tonse tinkawadziwa kuti Opa Bert, agogo Bert. Opa Bert ankayendetsa ngolo ya hatchi, ndipo kwa chaka chathunthu ankawanyamulira madengu a kabichi ndi kaloti kupita kumsika osanena choposa moni. Tante ankakonda kutiuza kuti amene anawafunsira ndi hatchi, chifukwa inazolowera kuima yokha pachipata chawo ngakhale tsiku limene kunalibe katundu, mpaka mwini wake anachita manyazi n'kulankhula. Mulungu anawapatsa ana anayi: Meiske mu 1966, Audy mu 1969, Jouke mu 1971, amene anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndi Deisy mu 1975.

Mu 1973 malemu anatsegula kanyumba ka phala kuseri kwa tchalitchi. Palibe pano amene ndingamufotokozere tinutuan, phala lija la mpunga ndi ndiwo zamasamba la Oma Sientje. Ena amathira dzungu mongodutsa, iwo ankathira mpaka phala lichite chikasu, chimanga chachiwisi chochita kukungudza m'mawa womwewo, masamba akuthiridwa pomaliza kuti asafe, pambali nsomba yowamba ndi tsabola wotulutsa misozi. Aphunzitsi, apolisi, oyendetsa ngolo ndi ana asukulu anadya m'manja mwawo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Anaimba m'kwaya ya amayi kuyambira 1968, ndipo anatumikira monga mtiki wa mlaga wathu kuchokera 1985 mpaka 2000. Phiri la Lokon litaphulika mu 1991, ananyamula miphika yawo kukaphikira anthu kumene tinathawira, ndipo anakhalako mpaka banja lomaliza litabwerera kwawo.

Pa 3 Meyi 2009 Opa Bert anamwalira atadwala matenda ofa ziwalo. Imfa imeneyi inawakhazika pansi Tante. Kanyumba ka phala anakasiyira a Meiske, iwo n'kumangokhala pakhonde tsiku lonse. Thupi linali lalikulu kale, chifukwa munthu wophika kwa zaka zonsezo amalawa, koma chaka chimenecho linawonjezeka, mawondo n'kuyamba kutupa. Masitepe okwerera kumene imaima kwaya anawakanika, ndipo anasiya kuimba.

Mu Febuluwale 2010 a Deisy anawakakamiza kupita kuchipatala. Dokotala anawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, ndipo shuga sanalowe koma waima pakhomo, wagwira kale chitseko. Anawapatsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi okha, n'kuwalangiza kuti achepetse mpunga ndipo aziyenda theka la ola tsiku lililonse. Zoyenda asanadye anasankha okha. Ankati akadya kaye thupi limalemera ndipo mpando umawaitana. Lolemba pa 1 Malichi 2010 anadzuka kukungoyera, anamwa tambula ya madzi ofunda, anavala nsapato za Opa Bert chifukwa zawo zinkawathina, n'kutuluka. Tsiku limenelo anangofika pa mtengo wachitatu wa magetsi n'kukhala pamwala. A Audy atadandaula kuti munthu wamkulu sayenda m'mimba mulibe kanthu, anawayankha kuti: "Ndinayenda ndi njala miyezi, Femmy ali kumsana. Theka la ola lingandigwetse?"

Pofika Juni ankayambira patchalitchi, kudutsa minda ya maluwa, kukafika pa kamlatho n'kubwerera. Woyamba kuwatsatira anali Oma Nontje Mamahit, mnzawo wa m'kwaya, amenenso anali atangoferedwa amuna awo. Kenako anabwera Opa Wempie Kalalo, aphunzitsi opuma, ndodo m'manja. Pofika 2013 gululo linali ndi anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Pobwerera onse ankathera ku kanyumba ka phala. Opa Wempie, amene akhala kutsogoloku, ankauza aliyense kuti nkhani ya thanzi ndi yonamizira, mayiyu wangopeza njira yogwetsera anthu njala n'kuwakusira ku miphika ya mwana wake. Tante ankawayankha kuti mbale imene amaibwereza kawiri ndi yawo yomwe aphunzitsiwo. Thupi la malemu linatsika, mawondo anaphwa, shuga anabwerera m'mbuyo. Pa Khirisimasi ya 2011 anakweranso masitepe a kwaya opanda wowagwira dzanja.

Tsopano ndifike pa gawo limene mbiri zambiri zimalumpha. Tante anali munthu woti chinthu chikawathandiza iwo, ankakhulupirira kuti chithandiza aliyense, ndipo wokana ankamuona ngati waulesi. Mayi anga, a Femmy, anali ndi matenda a shuga enieni kuyambira 2008, ndipo ankadzibaya jakisoni m'mawa uliwonse. Kwa zaka zitatu Tante anawanyengerera, kuwaseka, mpaka kuwakalipira kuti alowe m'gulu. Mayi anga pamaso pa akulu awo sankatha kukana kawiri. Anavomera.

Lolemba pa 14 Malichi 2016, tsiku lawo lachinayi, mayi anadzibaya jakisoni monga mwa masiku onse, n'kutuluka osadya, chifukwa lamulo la gulu linali lomwelo. Atadutsa minda ya maluwa anayamba kutuluka thukuta lozizira. Anawauza akulu awo kuti akumva chizungulire. Tante anawayankha kuti umenewo ndi ulesi ukutuluka, alimbe mtima akapumire pa kamlatho. Sanafike pa kamlathopo. Anagwera mu ngalande ya simenti ya m'mbali mwa msewu, anathyoka fupa la m'chiuno, mutu n'kumenyetsa pakhoma la ngalandeyo. Kuchipatala dokotala anatifotokozera kuti shuga anatsikiratu, chifukwa jakisoni anagwira ntchito m'thupi lopanda chakudya, kuyenda n'kumalizitsa. Anati akanachedwa nawo pang'ono tikanaika maliro.

Masana a tsiku limenelo, pakhonde la chipatala, anthu a mumlaga ali pomwepo, ine ndinawaloza chala amayi aakuluwa. Ndinawafunsa ngati ankafuna kupha mayi anga, ndipo ndinawauza kuti asadzapondenso pakhomo pathu. Ena mwa inu munalipo, munamva. Tante sanadziteteze. Anangoti: "Wanena zoona, mwananga. Anandiuza kuti akumva chizungulire, ine sindinamvere." Atatero anatenga kachikwama kawo n'kutuluka.

Gulu linatha sabata yomweyo. Ana a anthu analetsa makolo awo, ndipo kumsika kunali kulankhula kwambiri. Tante anasiya kuyenda, anasiyanso kukhala mpando wawo wa kutsogolo m'tchalitchi. Mayi atatuluka m'chipatala mu Epulo, osatha kudzuka pabedi, Tante anayamba kubwera m'mawa uliwonse ndi kambale ka phala kokulunga m'nsalu. Ankaima pachipata. Ine sindinkatsegula. Ankakoleka kambaleko pampanda n'kubwerera. Ndinauza akazi anga, a Olvie, kuti azipatsa agalu, ndipo patapita nthawi ndinadziwa kuti ankadikira ndipite kuntchito n'kukalowetsa kwa mayi, mbale n'kuitsuka, n'kuibwezera pampanda. Zinatero miyezi inayi, mvula kapena dzuwa, Tante ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri.

Tsiku lina mu Ogasiti mayi anandiitana kuchipinda. Anali atawaona akulu awo pazenera. Anandiuza kuti: "Recky, munthu amene anandibereka m'nkhondo ukumuimika pachipata ngati wogulitsa nsomba? Jakisoni ndinadzibaya ndekha, pakamwa ndinali napo. Katsegule." Ndinapita kukatsegula. Anandipatsira kambale kuti ndigwire, n'kudutsa kulowa m'nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo malemu ndi amene anakhala namwino wa mayi anga. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwapaka mafuta m'miyendo. Madokotala anali atanena kuti mayi akhoza kuyendanso akalimbikira, koma mayi ankaopa kuponda pansi. Tante, amene kale ankakalipira aliyense wochedwa, anaphunzira kudikira. Anayamba ndi kuchoka pabedi kufika pampando, sabata zitatu. Kenako pampando kufika pachitseko. Pa 18 Disembala 2016 mayi anafika pachipata, dzanja lina pandodo, lina paphewa la akulu awo. Asanayambe kuyenda kulikonse, Tante ankawasendera nthochi n'kuyang'anira mpaka aimalize.

Mu Januwale 2017 malemu anapita ku chipatala chathu chaching'ono atanyamula kope la ana asukulu. Anapempha kuonana ndi anamwino a Ivonne Mandagi, ndipo anawauza kuti abwera kudzaphunzira zimene anayenera kufunsa kalekale. Anabwererako katatu, akulemba. Kenako anapempha abusa kuti awapatse mpata pambuyo pa mapemphero. Anaima kutsogolo kwa mpingo wonse, mayi amene kwa miyezi khumi ankakhala mpando wakumbuyo, n'kunena kuti analakwa, anatenga mankhwala a thupi lawo n'kumwetsa anthu onse, ndipo m'bale wawo anatsala pang'ono kufa nazo. Ananena kuti akufuna kuyambiranso kuyenda, koma mwa njira ina, ndipo amene sawakhulupiriranso sawaimba mlandu.

Loweruka lotsatira anamwino aja anabwera kuholo ya mpingo kudzayeza aliyense wofuna kulowa m'gulu. Kuchokera pamenepo malamulo anasintha. Womwa mapiritsi a shuga kapena wodzibaya jakisoni ankayenera kudya kaye, ndipo Tante ankamufunsa pamaso pa onse chimene wadya. Amene anamwino awaloleza ankayenda asanadye ngati kale, koma atamwa madzi. Aliyense ankanyamula kachidutswa ka shuga wofiira wa mgwalangwa m'thumba. Mmodzi akangoti chizungulire, gulu lonse linkakhala pansi pomwepo, ngakhale pakati pa njira. Tante anasiya kutsogolera, anayamba kuyenda kumbuyo kwa onse kuti aziona miyendo ya aliyense. Tsiku loyamba anabwera anthu asanu. Opa Wempie anali m'gulu la odya kaye, ndipo anadandaula kwa zaka zisanu ndi zitatu kuti amudyetsa nthochi ngati nyani. Pofika 2019 gulu linapitirira anthu makumi atatu, ndipo mipingo iwiri yoyandikana nafe inatumiza anthu kudzaona mmene timachitira. Palibe anagwanso.

Mayi anga analowanso m'gululo mu Meyi 2017, ndi ndodo yawo, akuyenda kumbuyo pamodzi ndi akulu awo. Anayenda zaka zinayi. Anamwalira pa 6 Julayi 2021 ndi matenda a impso, mutu uli pamiyendo pa Tante.

Malemu anakhala athanzi mpaka Novembala 2024, pamene chakudya chinayamba kuwakana ndipo maso anachita chikasu. Mu Januwale chaka chino madokotala ku Manado anapeza khansa ya m'chiwindi, itafalikira kale. Ana anafuna kupita nawo ku chipatala chachikulu cha ku Makassar, koma iwo anakana. Anati zaka zimene anapatsidwa kuchokera pa chenjezo la dokotala woyamba uja zinali khumi ndi zisanu, ndipo sakufuna kukathera zotsalazo pabedi la eni. Anayenda ndi gulu komaliza pa 2 Malichi, kuchoka pakhonde kufika pachipata. Kuyambira pamenepo gulu linasintha njira n'kumadutsa pakhomo pawo. A Meiske ankawatulutsira mpando, iwo n'kumaitana mmodzimmodzi ndi dzina, kufunsa amene wadya ndi amene sanadye, ndi kuuza aliyense atulutse shuga wa m'thumba awuone.

Pa 11 Meyi ndinapita kukawaona. Ndiulule pamaso panu kuti kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinali ndisanapepese. Ndinkawatengera kuchipatala pagalimoto, ndinkawakonzera denga, koma mawu amene ndinawanena pakhonde lija ndinali ndisanawabweze. Tsiku limenelo ndinagwada pambali pa bedi n'kuyamba kulankhula. Anandidula. Anati: "Unkateteza mayi ako. Ndikanakhala ine ndikananena zoposa pamenepo. Dzuka, mawondo akowo si a mwana." Kenako anandiuza kuti mbiri yawo ndidzawerenge ine, chifukwa ana awo adzawakometsera. Anati: "Udzanene za Femmy, zonse, ndi zimene ndinamuyankha panjira paja. Pamaliro pamabwera okalamba ambiri kuposa kuholo. Wina akamva, adzafunsa kaye anamwino asanatengere mnzake. Ukadzalumpha ndidzadzuka m'bokosimo."

Malemu anamwalira Lachitatu pa 21 Meyi 2025, nthawi ya 10 koloko m'mawa, kunyumba kwawo, ana awo onse atatu ali pambali ndipo Oma Nontje akuwaimbira nyimbo ya m'kwaya. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza chimodzi.

Asiya ana atatu: a Meiske ndi amuna awo a Ferry Tumbol, a Audy ndi akazi awo a Selvie, ndi a Deisy. Asiya zidzukulu zisanu ndi zitatu ndi zidzukulutudzi zitatu. Mwa obadwa nawo watsala mlongo wawo mmodzi, Opa Hengky Pangkey, amene abwera kuchokera ku Bitung ngakhale thupi silili bwino. Asiyanso ife ana a azing'ono awo, amene sanatisiyanitse ndi awo.

M'malo mwa banja la Lumowa ndi la Pangkey ndithokoze abusa ndi akulu a mpingo chifukwa chowayendera sabata ndi sabata. Tithokoze madokotala ndi anamwino amene anawathandiza, makamaka a Ivonne Mandagi, amene ankabwera kudzawachepetsera ululu ngakhale tsiku lawo lopuma. Tithokoze amayi a mumlaga amene aphika masiku atatuwa, abambo amene amanga tenti ndi kukumba manda, kwaya ya amayi, ndi alimi a maluwa amene adula m'minda mwawo osafunsidwa. Ndithokoze mwapadera akazi anga a Olvie, chifukwa cha miyezi inayi imene sanandimvere. Anzawo a m'gulu loyenda apempha kuti asakwere galimoto popita kumanda, ayende pansi kumbuyo kwa bokosi, ndipo banja lavomera. Tipempha onyamula kuti musathamange.

Tante Sientje, ntchito imene munandipatsa ndaigwira, sindinalumphe kanthu. Chimene munandiletsa kumaliza tsiku lija ndichimalize pano, anthu omwewa akumva: ndinakulakwirani, mundikhululukire. Ambuye amene munawatumikira akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.